Mmene mungasamalire khungu ndi maso mukamamwa mankhwala a khansa aja amati targeted

Pamene anthu ambiri timalakwitsa ndi apa: timadikira kuti zidzolo zituluke kaye, nde tiyambe kuthamangathamanga. Ine ndinaziona kwa achemwali anga atayamba kumwa erlotinib, amodzi mwa mankhwala a targeted, aja amalunjika chinthu chinachake chimene khansa imagwiritsa ntchito pokula. Sabata yoyamba panalibe kanthu, yachiwiri nkhope yonse ndi pachifuwa zinali ngati ziphuphu za mwana wa zaka 15, iwo nkukagula mankhwala a ziphuphu aja owumitsa khungu, khungu nkuyamba kuwotcha ndi kusendeka, mapeto ake anasiya mapiritsi masiku asanu osauza munthu aliyense. Mapiritsi omwe amagwira khansa yawo. Titakawauza adokotala anangogwira mutu, chifukwa zonsezi zikanachepa tikanayamba kusamala khungu tsiku lomwe anameza piritsi loyamba.

Nde ndalemba izi kwa inu amene mwayamba kapena mukuyamba mankhwalawa, ndi inu amene mukudwazika. Sizikulowa m'malo mwa adokotala anu ayi, koma zikuthandizani kudziwa chochita kunyumba ndi chokafunsa mukapita.

Zofunika kukhala nazo musanayambe

Khirimu wonenepa wopanda fungo la perefyumu, kapena Vaseline wamba uja woyera. Losheni yamadzimadzi imauma msanga, ndipo ina imakhala ndi alcohol.
Sopo wofatsa wopanda perefyumu.
Sunscreen, khirimu woteteza khungu ku dzuwa, wa SPF 30 kapena kuposa, olembedwa kuti amateteza ku UVA ndi UVB, mitundu iwiri ya kuwala kwa dzuwa kowotcha khungu. Bola wokhala ndi zinc oxide kapena titanium dioxide, saluma kwambiri pakhungu lotupa.
Chipewa chachikulu chophimba makutu ndi khosi, ndi magalasi a dzuwa.
Khirimu wa urea 10%, makamaka ngati mankhwala anu ndi a gulu lovutitsa manja ndi mapazi.
Magolovesi otsukira, masokosi a thonje, nsapato zotakasuka zofewa mkati.
Madontho ofewetsa m'maso aja amati artificial tears.
Kathawulo koyera ka nkhope kanukanu, kalumo kakang'ono, thermometer.
Foni yojambulira, kope ndi cholembera, komanso nambala ya kuchipatala imene mungaimbe olo usiku.

1. Dziwani dzina lenileni la mankhwala anu

Osangoti "ndimamwa timapiritsi toyera". Lembani dzina, chifukwa gulu lililonse lili ndi khalidwe lake ndipo mukadziwa mumadikirira pamalo oyenera.

Erlotinib, gefitinib, afatinib, osimertinib, komanso cetuximab ndi panitumumab a mudripi, awa amatseka chinthu china chotchedwa EGFR. Khansa imachigwiritsa ntchito pokula, koma khungu lanu labwinobwino limachifunanso kuti lidzikonzekonze, nchifukwa chake amabweretsa zidzolo zonga ziphuphu, kuuma khungu, kutupa m'mbali mwa zikhadabo ndi kuuma m'maso.

Sorafenib, sunitinib, regorafenib, axitinib, cabozantinib ndi anzawo amakonda kuvutitsa zikhatho ndi kuphazi. Sunitinib pena amachititsa khungu kuoneka lachikasu, ndipo iye ndi pazopanib amayeretsa tsitsi ngati imvi.

Imatinib amatupitsa zikope makamaka m'mawa, maso kumangotuluka misozi, ndipo kwa ife akhungu lakuda khungu limatha kuyererako.

Vemurafenib ndi dabrafenib amatha kumeretsa tinjerewere tachilendo pakhungu, ndipo vemurafenib amadana ndi dzuwa koopsa. Trametinib, cobimetinib, binimetinib ndi erdafitinib amatha kuchititsa timadzi kuunjikana kuseri kwa diso kumene timaonera. Crizotinib amaonetsa kuwala kong'anima kapena zinthu ngati zikusiya mchira, makamaka mukachoka pamdima kupita powala.

Chenjezo: pabokosi pamakhala mayina awiri, la kampani ndi la mankhwala. Glivec ndi imatinib, Tarceva ndi erlotinib, Nexavar ndi sorafenib. Lembani onse.

2. Musanameze piritsi loyamba, jambulani ndipo funsani

Jambulani nkhope, pachifuwa, kumsana, zikhatho, kuphazi ndi zikhadabo masana pafupi ndi windo, kenako muzibwereza sabata iliyonse pamalo omwewo. Zikumveka ngati zachabechabe koma tsiku la kuchipatala zidzolo zimakhala zitasintha kale, nde adokotala akaona zithunzi amadziwa ngati zikukula kapena zikuchepa.

Afunseni zinthu zitatu. Kodi mankhwala angawa amafuna kuti ndiyezetse maso ndisanayambe? Kodi mundipatsa mankhwala oteteza zidzolo zisanatuluke? Ndiimbe kuti zikavuta usiku? Funso lachiwirilo musachite nalo manyazi. Kwa anthu a gulu la EGFR madokotala ambiri amapereka mapiritsi a doxycycline kapena minocycline pamodzi ndi khirimu wa hydrocortisone 1% kwa masabata 6 oyamba, ndipo pa kafukufuku amene anatuluka mu 2010 wa anthu olandira panitumumab, amene anadikira kuti zidzolo zituluke kaye, 62 pa 100 alionse anavutika khungu kwambiri, pomwe amene anayamba kudziteteza pachiyambi anali 29 pa 100. Kusiyana kwakukulu kumeneko.

Auzeninso ngati muli ndi vuto la maso lakale, ngati mumavala ma contact lens, ngati muli ndi shuga, kapena ngati muli oyembekezera, chifukwa doxycycline sapatsidwa kwa mayi woyembekezera.

3. Sinthani kasambidwe, muzidzola kawiri pa tsiku

Madzi ofunda pang'ono, osati otentha. Kusamba kwa mphindi zochepa basi. Osakhula ndi mwala, chinkhupule kapena bulashi, manja anu ndi okwanira. Mukatuluka musapukute mokwecha, ingogunditsani thawulo, ndipo khungu likadali lonyowa pang'ono pakani khirimu thupi lonse, m'mawa ndi madzulo. Nthawi yake ndi imeneyo, mukadikira kuti muume gwa khirimu amangokhala pamwamba.

Kuuma khungu kumabwera mochedwerapo, pakatha mwezi umodzi kapena iwiri, nde anthu ambiri amaona ngati apulumuka nkusiya kudzola. Kenako miyendo mbuu, kuyabwa usiku wonse, nsonga za zala kung'ambika. Musasiye. Kukayabwa ikani kansalu konyowa ndi madzi ozizira m'malo mokanda, wengani zikhadabo zikhale zazifupi, ndipo ngati kukukusowetsani tulo kauzeni adokotala, mankhwala ake alipo.

Abambo, lezala pankhope yotupa ndi nkhondo. Bola kumeta ndi mashini osafika pakhungu, ndipo aftershave muyambe mwamusiya kaye.

4. Dzuwa musalidelere

Ndikudziwa ena mukuti khungu lakuda silipsa ndi dzuwa. Pa mankhwala awa limapsa, ndipo dzuwa limakolezera zidzolo nkusiya madontho akuda amene amatenga miyezi kuti afufutike. Pakani sunscreen m'mawa uliwonse pankhope, m'makutu, pakhosi ndi kunja kwa manja, nkumabwereza pakatha maola awiri ngati muli panja kapena mwatuluka thukuta. Kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo khalani pamthunzi mmene mungathere, chipewa kumutu, malaya a manja aatali.

Chenjezo kwa a vemurafenib: kuwala kumene kumakuwotchani, UVA, kumadutsa pagalasi la windo, nde mutha kupsa muli m'galimoto kapena mutakhala m'nyumba pafupi ndi windo, olo kunja kuli mitambo. Doxycycline nayenso amawonjezera kupsa ndi dzuwa.

5. Zidzolo zikatuluka

Nthawi zambiri zimayamba pakati pa sabata yoyamba ndi yachitatu, pamphuno, pamasaya, pachipumi, m'mutu, pachifuwa ndi kumsana chakumtunda. Zimayamba ndi kuwotcha kapena kunyerenyetsa, kenako totupa, tina tokhala ndi mitu yoyera ngati mafinya. Pakhungu lakuda sizioneka zofiira ngati zithunzi za pa intaneti zija, zimaoneka zoderako kapena ngati pepo, nde musamadikire kuti zifiire ndiye mukhulupirire.

Apa mvetsetsani: izi SI ziphuphu. Ziphuphu zimabwera pakhungu lamafuta, izi zimabwera pakhungu louma lotupa, nde chilichonse chowumitsa khungu chimangothira petulo pamoto. Benzoyl peroxide, ma scrub, tretinoin, spiriti, mankhwala otsukira mano amene ena amapaka, zonsezo ayi.

Chitani izi. Jambulani, lembani tsiku limene zayamba, imbani kuchipatala sabata yomweyo osadikira tsiku lanu la mwezi wamawa. Pitirizani kudzola ndi sunscreen. Akakupatsani khirimu wa steroid, wochepetsa kutupa ngati hydrocortisone uja, pakani mochepa pamene pali zidzolo pokha, muyeso wake ndi kamzere kochoka kunsonga ya chala chamkombaphala kufika pamfundo yoyamba, kameneko kamakwana malo aakulu ngati zikhatho ziwiri. Wamphamvu amene akupatsani wa m'manja musamupake kumaso kapena m'zikope.

Akakupatsani doxycycline mezani ndi kapu yodzadza madzi muli chikhalire kapena chiimire, osagona kwa mphindi 30, apo ayi amawotcha pammero. Musamwere limodzi ndi mkaka, mapiritsi a iron kapena mankhwala a chilungulira, siyanitsani ndi maola awiri kapena atatu.

Chenjezo: osafinya. Mukaona nkhanambo zachikasu ngati uchi, mafinya akuchucha, fungo, kapena malo amodzi atupa nkumatentha, ndiye kuti mwalowa tizilombo, pitani akaone.

Chinthu china chimene chinawalimbitsa mtima achemwali: pa mankhwala a EGFR zidzolozi kawirikawiri zimayendera limodzi ndi kugwira ntchito kwa mankhwala. Koma sindikunena kuti amene sanatuluke zidzolo mankhwala sakugwira ayi, komanso kuchiza zidzolo sikufooketsa mankhwala a khansa, nde palibe chifukwa chovutikira dala. Zimafika pachimake mwezi woyamba kenako zimayamba kuzizira.

6. Manja ndi mapazi

Kwa a sorafenib, regorafenib, sunitinib ndi anzawo aja, vutoli limabwera msanga, masabata 2 mpaka 6 oyamba. Limasankha malo amene amapanikizika: chidendene, pansi pa zala zakuphazi, nsonga za zala, pamene mumagwirira mpeni kapena cholembera. Poyamba kumakhala ngati dzanzi kapena kuwotcha, kenako khungu limakhuthala nkukhala ngati zikundu zachikasu zopweteka, pena matuza pansi pake, munthu kumayenda ngati waponda makala.

Musanayambe mankhwala onetsani mapazi anu, ngati muli ndi zikundu zakale azichepetse anthu odziwa, chifukwa vuto limayambira pomwepo. Pakani urea 10% m'manja ndi kuphazi kawiri kapena katatu pa tsiku kuyambira tsiku loyamba, usiku pakani wambiri nkuvala masokosi. Nsapato zothina ndi zazitali zidikire kaye, osayenda opanda nsapato, ndipo mwezi woyambawo chepetsani kuyenda mitunda italiitali, kuthamanga, kufinya zovala ndi ntchito zogwira chida mwamphamvu nthawi yaitali. Madzi otentha otsukira mbale ayi, valani magolovesi.

Zikayamba kupweteka viikani m'madzi ozizira mphindi zingapo, osaika ice pakhungu penipeni. Adokotala atha kukupatsani urea wamphamvu wa 20 mpaka 40% wa pazikundu pokha, kapena clobetasol, khirimu wa steroid wamphamvu, wa potupa. Urea wamphamvuyo osapaka pamng'alu kapena pabala, amaluma koopsa.

Chenjezo: osadula zikundu ndi lezala, osaboola matuza. Ndipo ngati mukulephera kumanga mabatani, kugwira kapu kapena kuyenda kukafika kubafa, imbani tsiku lomwelo. Pamenepo adokotala amatha kupumitsa mankhwala masiku angapo kapena kuchepetsa mlingo, ndipo zimenezo ndi zololedwa, bola achite ndi iwo.

7. Zikhadabo

Izi zimabwera mochedwa, pakatha miyezi iwiri kapena kuposa, makamaka chala chachikulu chakuphazi ndi chamanthu. M'mbali mwa chikhadabo mumatupa, kupweteka, pena kumera kamnofu kofiira kotuluka magazi kakangokhudzidwa. Wengani zikhadabo mowongoka osalowa m'makona, osadula kakhungu ka m'munsi, zikhadabo zomata zisiyeni. Madokotala ambiri amalangiza kuviika chala mphindi 15 pa tsiku m'madzi osakaniza ndi vinega woyera muyeso wofanana, koma funsani kaye ngati pali bala lotseguka kapena muli ndi shuga. Mafinya akaoneka, kuchipatala.

8. Maso tsiku ndi tsiku

Maso anthu amawaiwala chifukwa palibe amene amawauza kuti piritsi la khansa ya m'mapapo lingafike m'maso. Koma limafika. Mumamva ngati mwalowa mchenga, kuwotcha, manthongo m'mawa, zikope zofiira m'mphepete, pena misozi kumangoyenderera, ndipo chodabwitsa nchakuti diso louma ndi limene limatulutsa misozi yambiri chonchi.

Kudontheza: sambani m'manja, kwezani mutu, kokerani chikope chapansi, dontho limodzi basi, tsinzinani mphindi imodzi. Kamwa ya botolo isakhudze diso kapena nsidze. Ngati muli ndi mitundu iwiri ya madontho siyanitsani ndi mphindi 5, wamafuta akhale omaliza. Mukamadontheza kuposa kanayi pa tsiku pemphani olembedwa preservative free, chifukwa mankhwala osungira amene amakhala m'mabotolo wamba amayamba okha kuluma diso.

Zikope zikamachita nkhanambo, ikani kathawulo konyowa ndi madzi ofunda pamaso otsinzina mphindi 5 mpaka 10, kenako pukutani m'mphepete mofatsa. Kutupa zikope kwa imatinib kumafuna zosiyana, kansalu kozizira m'mawa ndi kugonera pilo wokwera, koma ngati mapazi nawonso akutupa, sikelo ikukwera msangamsanga kapena mukubanika, auzeni adokotala mwachangu.

Nsidze za m'zikope pa mankhwala a EGFR zimatha kutalika modabwitsa nkupotana, zina nkukhotera mkati kumakanda diso. Zazitali zidulidwe ndi kalumo, ndi munthu wina wa dzanja losanjenjemera, osati nokha pagalasi. Zokhotera mkati akazichotse adokotala a maso. Ma contact lens bola kuwasiya nkubwerera ku magalasi nthawi yonse imene maso akuvuta.

Chenjezo lalikulu: madontho "oyeretsa maso ofiira" ndi madontho a steroid osagula mwa inu nokha. Steroid pa diso limene lili ndi kabala kapena tizilombo atha kuliwononga mpaka kalekale, komanso amakweza presha ya m'diso mwakachetechete.

9. Dziyeseni maso, limodzilimodzi

Ichi chimatenga mphindi imodzi yokha. Tsekani diso limodzi ndi chikhatho, yang'anani chinthu cha mizere yowongoka ngati felemu ya chitseko kapena mizere ya m'kope, kenako sinthani. Mizere ikamaoneka yokhotakhota, pakati pakakhala kadontho kakuda kapena chimbuuzi, kapena mitundu ikaoneka yofuwa mbali imodzi, imbani tsiku lomwelo. Chifukwa chotsekera limodzi nchakuti diso labwino limabisa vuto la linzake, munthu umatha sabata osadziwa. A trametinib, cobimetinib, binimetinib ndi erdafitinib muzichita tsiku lililonse, ndipo pemphani kapepala ka mizere kotchedwa Amsler grid. A erdafitinib mumafunikanso kuonedwa ndi adokotala a maso mwezi uliwonse miyezi 4 yoyamba, musajombe olo mukuona bwinobwino. Timadzi ta kuseri kwa diso tija nthawi zambiri timaphwa mankhwala akapumitsidwa kapena kuchepetsedwa, koma pali vuto lina la kutsekeka kwa mtsempha wa magazi m'diso limene silidikira.

A crizotinib, ngati mukuona zong'anima, samalani poyendetsa galimoto usiku ndipo nenani ndithu olo zikhale zosapweteka.

10. Izi ndi zothamangira kuchipatala nthawi yomweyo

Matuza pathupi kapena khungu kusendeka ngati mwapsa ndi madzi otentha. Zilonda m'kamwa, m'maso kapena kumaliseche pamodzi ndi zidzolo. Zidzolo zofalikira thupi lonse mofulumira, khungu lopweteka mukalikhudza, nkhope kutupa, kutentha thupi kufika 38 pa thermometer. Milomo kapena lilime kutupa ndi kubanika. Diso kupweteka, kufiira kwambiri, kulephera kuyang'ana kuwala, kusiya kuona mwadzidzidzi, kuona ngati katani yatsika mbali imodzi, kapena timadontho takuda tambiri tikuyandama. Pa izi musamwe piritsi lotsatira musanalankhule ndi adokotala, ndipo nyamulani bokosi la mankhwala popita chifukwa amene mukamupeze usikuwo mwina sakudziwani.

A vemurafenib ndi dabrafenib, kanjerewere katsopano kokula msanga, kabala kosapola kapena kadontho kakuda kosintha maonekedwe, sikothamangira usiku koma musathe nako masabata, kakaonedwe chifukwa tina timakhala khansa yapakhungu imene imachotsedwa mosavuta ikapezeka msanga.

Zolakwika zimene ndimaziona mobwerezabwereza

Kusiya mapiritsi mwakachetechete, kapena kumadumphitsa tsiku kuti "khungu lipume". Ichi chimandiwawa kwambiri chifukwa ndimamvetsa, munthu nkhope yasintha, anthu akukuyang'anitsitsa, ena akufunsa mafunso opanda ulemu, umangofuna zithe. Koma adokotala ali ndi njira zambiri asanafike posiyitsa, ndipo akapanda kudziwa kuti mukudumphitsa adzaganiza kuti mankhwala akulephera pomwe simukumwa.

Kubisanso mbali inayo, kupirira ululu osanena poopa kuti akuchotserani mankhwala. Mukanena msanga ndi pamene mwayi wopitiriza mlingo wanu umakhala waukulu.

Kupaka mafuta oyeretsa khungu pa madontho akuda otsala. Ambiri mwa mafuta amenewo amakhala ndi steroid wamphamvu kapena hydroquinone, ena mercury, ndipo amapyapyalitsa khungu limene lavulala kale. Madonthowo amafufutika okha pang'onopang'ono mukamapewa dzuwa ndi kusakanda.

Kubwereka madontho a m'maso kapena khirimu wa mnzanu wa khansa. Mankhwala ake ndi anu mwina ndi a magulu osiyana.

Kumwa mankhwala azitsamba kapena ma supplement "otsuka magazi" kuti zidzolo zithe. Ena amasokoneza mmene chiwindi chimagayira mapiritsi a khansa, St John's wort mwachitsanzo amachepetsa mphamvu ya ambiri mwa iwo. Chilichonse chatsopano, funsani kaye.

Kupita kwa adokotala a maso kapena a khungu osawauza kuti mukumwa mankhwala a khansa. Nenani dzina lake pachiyambi penipeni, asanayambe nkukuyezani komwe.

Ndipo inu odwazika, kumsana, m'mutu ndi pansi pa phazi wodwala sadziona yekha, nde pomudzoza madzulo muziyang'anako ndithu, mukaona chachilendo jambulani nkulemba tsiku m'kope muja.